Kuseri kwa Nsalu ya Mzinda

M'nyumba zambiri za kuno ku Chitipa, ku Kaseye, ku Wenya mpaka ku Misuku, mukalowa n'kuyang'ana zithunzi zakale za pakhoma, mudzapeza chimodzi chofanana ndi cha kwa anzawo. Munthu waima patsogolo pa mapiri obiriwira, kumbuyo kwake kuli msewu wa tala, nyumba zosanja ndi ndege. Mukayang'anitsitsa pangodya ya pamwamba, mbali ya kumanja, mudzaona nsonga za zala zitagwira m'mphepete mwa nsalu. Zala zimenezo ndi za malemu amuna anga.

Iwo anali openta. Pamene tinkakwatirana ankangolemba mayina a magolosale ndi kujambula kapu ndi sikono pamakoma a malo omwera tiyi. Ntchito inali yochepa, tinkadalira kumunda ngati wina aliyense. Zinthu zinasintha nthawi ya matipate. Katundu wa ku Tanzania anayamba kulowa mosabisa, amalonda ochokera kummwera anachuluka pa boma, ndipo wina anatsegula nyumba yoonetsera vidiyo kuseri kwa msika, yoyendera jenereta. Amuna anga atalowamo koyamba anabwera kunyumba ngati munthu wolodzedwa. Za nkhondo ndi za akarate zimene anzawo ankakamba iwo sanatchule.

"Amayi ake mwana," anatero, "kumbuyo kwa anthu omenyanawo kuli nyumba zofika kumitambo, magalasi okhaokha. Ndiye thambo lake! Si la buluu ayi. Lili ngati madzi a nyemba."

Ine ndinati mwina kanemayo ndi wowonongeka. Iwo anati, "Kaya. Koma n'zokongola."

Kuyambira pamenepo, akangopeza mpata ankapalasa njinga kupita pa boma. Ankakhala pabenchi yakutsogolo ndi chidutswa cha katoni pabondo, ndipo kanema akafika poonetsa mzinda ankapempha mwini vidiyo kuti aimitse kaye tepi. Anthu ankakuwa: "Iwe wapenti, tabwerera ndewu ife, osati mawindo!" Iwo osatekeseka, kumangolemba mizere pakatoni paja mpaka wina atawaponyera chitsononkho. Ankatoleranso makalendala a ku Tanzania, mapepala okutira sopo ndi mabatire, chilichonse chokhala ndi chithunzi cha malo akutali. Ine ndikakolezera moto kapepala kotero, tsiku limenelo m'nyumba munalibe kulankhulana.

Amene anawapatsa ntchito yaikulu anali bambo wina wa ku Ntcheu, wa kamera, yemwe ankayenda m'misika kutola anthu zithunzi n'kukatsukitsa ku Mzuzu. Anati anthu atopa kuima patsogolo pa mpanda wa udzu, akufuna kumbuyo kokongola. Nsalu yoti apentepo ndinasoka ndine, kulumikiza mabedishiti a pakaunjika ndi singano ya m'manja. Penti inali ya zitseko, yogula kumalire kumene amaitcha rangi. Nsaluyo tinaikhomera pakhoma la khitchini yathu, ndipo nyengo yonse yokolola ine ndinkatonola chimanga ndikuonerera msana wa amuna anga.

Anayamba ndi mapiri a Misuku. Aliyense wa kuno ankawazindikira: nkhalango ya Mughese yakuda pamwamba, nkhungu itakhala pakhosi pa phiri, minda ya khofi m'mizeremizere, nthochi m'zigwa. Mpaka apo ndinkakondwa. Kenako anayamba kuikamo za kuvidiyo. Pamene pali kanjira kamene anthu amatsika panjinga n'kumaikankha, iwo anaika msewu wa tala wa mzere woyera pakati, chonsecho dera lathu lonse linalibe tala. Pamsewupo anaikapo galimoto yofiira yopanda denga. Kutsinde kwa phiri kunamera nyumba zosanja za magalasi, pambali pake kanyumba ka udzu kokhala ndi dishi ya kanema padenga. M'mwamba ndege ndi helikopita, ndi thambo la madzi a nyemba lija. Mbiri ya mafoni a m'manja itangomveka, asanafike n'komwe kuno, anawonjezera nsanja yachitsulo ya foni pansonga pa phiri, ndi kagetsi kofiira pamwamba pake.

Bambo wina wa za nkhalango ataiona anati, "Achimwene, chilolezo chomanga m'nkhalango ya boma anakupatsani ndani?"

"Mtengo sindinadule ndi umodzi womwe, bwana," anatero amuna anga. "Werengani."

Anthu anaitcha nsalu ya mzinda. Ometa tsitsi ndi eni malo ogona alendo nawo anayamba kuwaitana kuti awapentere mapiri omwewo pamakoma, wina akufuna bwalo la mpira m'chigwa, wina akufuna sitima yodutsa m'minda ya khofi. Koma nsalu ija ndiyo inali pamtima pawo.

Vuto linali mphepo. Wokhala ku Chitipa amaidziwa mphepo ya m'chilimwe, yomwe imamasula munthu chitenje m'chiuno. M'misika mulibe khoma loti n'kukhomerapo. Ngodya imodzi ankaimanga kumtengo, inayo pankafunika munthu woigwira, ndipo amuna anga sankalola wina. Ankati penti ya zitseko imang'aluka ikakokedwa mosasamala. Ndiye tsiku la msika ankakulunga nsalu ija pansungwi, kuimangirira panjinga, n'kutsagana ndi wa kamera. Kukakhala kutali ankagonera komweko. Ankaima kuseri, pamwamba pa kireti, mkono m'mwamba, osaoneka. Zala zokha.

Ine ndinkatsala ndi khasu. Atsikana odzola, aphunzitsi, akazi a apolisi, onse ankavala zokongola kukaima pafupi ndi amuna anga, pakati pawo pali nsalu yokha imene ndinasoka ndine. Akabwera ankanunkha parafini wotsukira maburashi, ankadya, ankagona. Pakhomo sanali munthu wa mawu ambiri. Ndikafunsa kuti kunali ndani, ankati, "Ine ndimangoona kumbuyo kwa nsalu, mayi. Ndimaona msoko wanu." Makoma athu anakhala a dothi lokhalokha mpaka mapeto. Ankati dothi limamwa penti.

Tsiku lina nanenso ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, n'kubereka mwana wathu wamkazi, kupita kumsika wa ku Kaseye. Nditaima patsogolo pa galimoto yofiira ndinati, "Bambo, tulukani tijambulitse limodzi."

Mawu anachokera kuseri: "Nanga mzinda agwira ndani?"

Wa kamera anati agwira wina aliyense, msika wadzaza anthu. Iwo anati malaya awo ndi a pentipenti, tidikire apeze jekete. Jeketeyo sinapezeke. Chithunzi changa chinabwera ngati cha wina aliyense: ine, mwana, ndege, ndi zala pangodya.

Anadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo anatisiya nyengo ya mvula, chimanga chikumasula. Masiku amenewo anthu anali atayamba kumanyamula chithunzi cha malemu patsogolo pa bokosi. Alamu anga aakulu anandifunsa ndili pamphasa ya maliro kuti chithunzi chili kuti. Ndinati palibe. Anayesa kuti sindinamve, anabwereza m'Chitumbuka. Nditayankhanso chimodzimodzi anati, "Munthu wa zithunzi alibe chithunzi?" Bokosi linapita lokha. Maburashi ndi njinga anagawana abale. Nsalu inali ya wa kamera.

Chaka choyamba nkhope yawo ndinkaiona ndikangotseka maso. Kenako inayamba kundithawa. Ndinkakumbukira msana, kayendedwe, chipsera cha pachala chachikulu, koma ndikafika pamaso ndi pakamwa zinkasungunuka ngati sopo m'madzi. Mwana wathu anatengera nkhope ya kwathu, osati ya bambo ake. Tsiku lina anandifunsa ngati bambo ake anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo ndinayamba ndaganiza kaye ndisanayankhe. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Ndiye kulikonse kumene ndinkapita, kukapepesa maliro, kukaona wodwala, kukapempha mbewu ya nyemba, ndinkapeza zala zawo pakhoma. Anthu amene sanawaphikirepo, amene sanawachapirepo malaya a penti, aliyense ali ndi kachidutswa kake m'fulemu. Ndinkakhala pampando wa alendo, tiyi akuzizira, maso ali pangodya ya chithunzi cha eni nyumba, mtima ukuwawa ngati andibera.

Patapita zaka, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wa m'kwaya anandikoka pamkono.

"Mulamu, amuna anu ndawaona."

Ndinaima pomwepo n'kumutembenukira.

"Ndikunena pachithunzi. Nkhope yonse, akuseka. Chili m'nyumba mwa anesi aatali aja a ku Mulanje, amene amagwira ku Wenya."

Ananena mokweza, amayi ena akumva, ndipo wina anatsokomola. Ndinafunsa kuti ali ndi ndani pachithunzipo.

"Awiriwiri," anatero.

Ndinakwera lole ya matola, kotsalako ndinayenda wapansi, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu aukali. Anesiwo ndinawapeza akuyanika zovala, katundu wina ali kale m'makatoni pakhonde. Anali mayi wamtali, wonenepa, wa mawu akuluakulu.

"Monire, mama, monire," anatero. "Chitumbuka changa chathera pomwepo, musandifunse zambiri. Wadwala ndani?"

Ndinati palibe wadwala, ndine mkazi wa amene anapenta nsalu ya mzinda.

Anabwezera chovala m'beseni. "Mayo ine. Pepani, mayi, uthenga ndinaumva mochedwa. Lowani."

Chithunzicho chinali pamwamba pa kabati, ndipo ndinachiona ndisanakhale pansi. Ngodya ya nsalu inali itagwa, yaphimba ndege ndi nsanja ya foni. Pamalo pake panali amuna anga kuyambira pachifuwa, mkono ukadali m'mwamba wopanda kanthu, kukamwa kuli yasa, mpata wa mano uli poyera. Anesi, ali mtsikana wowonda m'yunifolomu yoyera, anali atatembenuka kuwayang'ana, nawonso akuseka. Nkhope ija inandibwerera yonse nthawi imodzi. Koma kuseka kumeneko sindinkakudziwa. Zaka zonse zija pakhomo panga sanasekepo motero.

"Ankaseka chiyani?" ndinafunsa.

"Ee, mayi, nkhani yake ndi yopusa. Ndinali nditangofika kumene kuno, ndikulira tsiku ndi tsiku. Ndinkafuna kutumizira amayi anga chithunzi kuti aziti mwana wawo ali m'tauni, sanamutaye kutchire. Ndiye ndaima bwinobwino, dzanja pagalimoto yofiira ija ngati ndi yanga, mphepo ija kungoti kuu! Nsalu pansi. Bambowo n'kuti, 'Anesi, thawani, mzinda wanu wagwa!' Wa kamera n'kudina pomwepo. Nanga chotere n'kutumiza kumudzi? Amayi akanati ndakwatiwa osawauza."

Anaseka, kenako anandiyang'ana n'kusiya.

"Kunyumba kuno ankabwera?" ndinafunsa.

"Kuno? Sanapondepo. Dzina lawo lomwe sindinkalidziwa. Ine ndinkangoti abambo a kuseri."

Ndinawakhulupirira, koma sizinandithandize. Munthu wosadziwa ndi dzina lawo lomwe ndi amene wakhala akudzuka ndi nkhope yawo zaka zonsezi, ine ndikuifunafuna m'mutu.

Ndinapempha chithunzicho. Sindinazungulire. Iwo anachitenga n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, andisamutsa, ndikubwerera kwathu mwezi ukatha. Chithunzi cha utsikana wanga chatsala ndi chokhachi, zina zinanyowa ndi denga lodontha. Ndipo tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinaseka ku Chitipa kuno. Kukupatsani sinditha. Koma tiyeni pa boma. Wa kamera uja masiku ano ali ndi kompyuta, akuti imabereka zithunzi."

Tinapita limodzi pa lole, chithunzi chili m'chikwama chawo, osati changa. Wa kamera anali atakalamba, ali ndi kachipinda ka magetsi pafupi ndi depoti. Nsalu ya mzinda sankaigwiritsanso ntchito. Ndinaiona kuseri kwa nyumba atayanikapo mphale, nyumba zosanja zija zitang'aluka, nkhuku ikuyenda pamwamba pa Mughese. Iye anati masiku ano kumbuyo kumachokera m'kompyuta: mathithi, nyanja, mabwalo a mpira a kunja, munthu amangosankha. Filimu yakale anati inawonongeka kalekale.

Anaika chithunzi cha anesi m'makina, chinatulukira pagalasi la kompyuta. Ndinati ndikufuna amuna anga okha. Anawadula n'kuwakulitsa, koma nkhope inali yaing'ono kwambiri pachithunzi choyambacho. Itakula inasanduka timabokosi tofiirira, maso ngati mabowo. Sanali munthu.

"Musadandaule, mayi," anatero wa kamera. "Njira ina ilipo. Tiwachotse anesiwa, tiikepo inu."

"Ndichotseni, ndichotseni," anatero anesi. "Bola changa mundibwezere chathunthu."

Mtima wanga unadumpha ngati wa mtsikana. Wa kamera anandiimika pakhoma loyera, n'kundiuza kuti nditembenuke, ndikweze chibwano, ndiseke.

"Sekani, mayi. Mukuoneka ngati mwabwera kudzamanga munthu."

"Ndiseke chiyani?"

"Ganizani kuti mbuzi ya aneba yagwera m'chimbudzi," anatero anesi ali pabenchi.

Ndinaonetsa mano.

Iye anagwira ntchito yake, ife tikudya nthochi panja. Atatiitana ndinadziona ndili pamalo a anesi, pafupi ndi galimoto yofiira. Pamene thupi lawo lalitali linkaphimba, iye anatsekapo ndi mathithi a m'kompyuta, oyera ngati mkaka, amene amuna anga sanawapentepo. Ine ndinali mayi wotopa, amuna anga ali mwamuna wa mphamvu zake. Zonsezo ndikanapirira. Koma ine ndine wamfupi. Maso a amuna anga ankadutsa pamwamba pa duku langa, kuyang'ana pamene panali nkhope ya anesi. Ankaseka ndi munthu yemwe palibe, ine ndili m'munsi ndi mano anga ouma, ngati wobwera kudzamvetsera za eni.

Wa kamera anati akhoza kunditalikitsa. Anayesa. Ndinatalika ngati mlongoti, mutu kukhala ngati papaya. Anesi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Abwezereni," ndinatero.

"Ndani?"

"Anesi. Abwezereni pamalo pawo. Ndi mathithi anuwo muchotse."

"Mayi, mukapachika m'nyumba mwanu amuna anu ali ndi mkazi wina?"

"Ndi mmene analili tsiku limenelo. Nditulutsireni chomwecho."

Chili pakhoma langa tsopano. Alendo akafunsa kuti mtsikana wamtaliyo ndi ndani, ndimati ndi kasitomala, n'kuwathirira tiyi. M'mawa uliwonse ndimaona nkhope ya amuna anga, maso, mphuno, zonse, ndipo sizindithawanso. Koma sindingathe kuwaona popanda kuona amene akumuyang'anayo. Masiku ena mtsikana wa yunifolomuyo ndimamuuza mawu amene sindinganene kutchalitchi. Masiku ena ndimangopukuta fumbi pagalasi lonse, kwa iwo ndi kwa iye komwe.

Anesi anasamuka mwezi utatha, monga ananenera. Ndinapita pa depoti kukawatsanzika ndi nkhuku ndi kathumba ka nyemba, pakuti anandichitira zabwino, ndipo tinakumbatirana. Chithunzi changa ndi chobereka kompyuta, ndipo mtundu wake wayamba kale kusuluka mbali ya kuwindo. Chenicheni, cha pepala lolimba losasuluka, chinapita ku Mulanje. Ndinaona pamene ankachiika. Sanachiike m'makatoni okwera pamwamba pa basi ayi. Anachiika m'chikwama cha m'manja, n'kuchikhazika pamiyendo.